Nkhuku Zakufa Pansi pa Masamba

Kaliwiro ankathamanga ngati munthu amene wanyamula mazira m'thumba. Kochi wake anali atamuuza momveka bwino kuti, "Sabata ino usapikisane ndi aliyense, ngakhale galu. Uzithamanga moti ukhoza kuyimba nyimbo osabanika." Mwezi wathunthu anali atamukweza zitunda m'mawa ndi madzulo pokonzekera mpikisano waukulu, mpaka ntchafu zinauma ngati nkhuni, chikhadabo cha chala chachikulu n'kuda bii. Tsopano inali nthawi yoti thupi libwerere m'chimake.

Madzulo amenewo, ataweruka kusitolo ya nsalu kumene ankagwira ntchito, analowa m'kanjira ka m'nkhalango kuseri kwa nyumba zomalizira. Inali nyengo yoti mitengo ikuyoyola masamba, dzuwa likulowa msanga, kamphepo kozizira katayamba. Masamba ofiira ndi achikasu anali atakwirira njira yonse.

Kanjirako ankakadziwa, koma masiku onse ankadutsamo ali wefuwefu, maso ali pa wotchi. Tsiku limeneli, popeza sankafulumira, mphuno inapeza mpata wogwira ntchito. Atayandikira kamlatho kamatabwa anamva fungo loipa, n'kuganiza kuti pafa galu. Anapatukira m'mbali pothawa ntchentche zobiriwira zimene zinadzaza njira, ndipo pomwepo phazi linaterereka. Anagwa chogwada, dzanja n'kulowa mpaka m'chigongono m'chinthu chofewa, chofunda.

Zinali nkhuku zakufa. Mulu wonse, zina zotupa, zina zophulika kale, ndipo zinkaoneka kuti wina anazikwirira dala ndi masamba. Mphutsi zoyera zinkayenda pakati pa zala zake. Madzi akuda ankachucha pamuluwo n'kumatsikira mumtsinje, pamalo pomwe iye ndi anzake a timu ankasukusula akatopa.

Anasanza mpaka m'mimba munatsala mphepo yokha. Akupukuta dzanja ndi udzu, anamva galimoto ikubwera mumsewu wafumbi wa odula mitengo. Kulira kwake sikunali kwachilendo. Inali pikapu ya mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, woweta nkhuku, amene Kaliwiro ankakhala pakhomo pake. Dzina la bizinesi yakeyo linali lolembedwa pa malaya omwe Kaliwiro anavala.

Mlamuyo anatsika akuyimba mluzu, n'kukoka thumba lonyowa kumbuyo kwa galimoto. Atamuona anangoti kakasi, kenako anaseka.

"Aa, Kaliwiro! Si unati sabata ino ukupuma? Kupuma kwake n'kugubuduka m'tchire?"

"Alamu, izi n'zanu?"

"Zanga bwanji? Zakufa zili ndi mwini?"

"Zikufa ndi chiyani?"

"Chimfine chabe. Nyengo yasintha. Iwe sukhosomola?"

"Nanga zimene mukugulitsa zija?"

"Zimenezo timazipha zisanafe," anatero mlamuyo mosachita manyazi. "Zikalowa m'mafuta otentha matenda amathera momwemo. Wamva kuti wina wamwalira?"

"Bwanji osaitana a zachiweto adzaone?"

"Adzaone? Amenewo saona, amatseka. Akatseka khola, iwe uzithamanga ndi chiyani, mapatapata? Nsapato wavalazo zinatuluka m'khola lomwelo, mlamu wanga." Anakokera thumba lija pafupi. "Tagwira mbali inayo. Nyonga zakozo zigwireko ntchito lero, osati kungothamangitsa mphepo."

Kaliwiro anayang'ana thumbalo. Pansi pake pankadontha. Anabwerera m'mbuyo.

"Kwera ndikusiye kunyumba," mlamuyo anamuitana atakhuthula yekha thumba lija n'kumakankhirapo masamba ndi phazi. "Koma ukhale kumbuyo. Ukununkha."

Kaliwiro sanakwere. Anabwerera wapansi, dzanja atalitambasulira kutali ngati si lake. Kuthamanga sanakuganizirenso. Atafika anaima pampope wapanja, n'kudzikhula ndi sopo wochapira zovala mpaka khungu linayamba kuwawa. Fungo lija linakanirira m'zikhadabo.

M'khitchini, mkulu wake anali pachitofu akukazinga nkhuku. Fungo la mafuta litamufika pakhosi, Kaliwiro anagwira chitseko.

"Wabwera bwino, ntchafu yako yapsa," anatero mkuluyo. "Kochi wako si anati uzidya nyama kuti thupi libwerere? Khala pansi."

"Achemwali, zimitsani moto. Mukudziwa zimene alamu akutaya kumtsinje?"

Mkuluyo sanatembenuke. Anatembenuza nyama m'chiwaya, n'kuusa moyo.

"Ndinawauza kuti azikataya kutali. Samva aja."

Kaliwiro ankayembekezera kuti mkulu wake adzidzimuka, mwinanso kulira. Kenako maso ake anagwera patebulo. Mbale za ana awiri a m'nyumbamo zinali ndi nyemba. Mbale ya mkulu wake inali ndi nyemba. Anakumbukira kuti dzulo zinali choncho, dzana chimodzimodzi, ndipo iye ankayesa kuti akumukonda pomusiyira nyama yonse.

"Ana simukuwapatsa?"

"Ana m'mimba mwawo simuchedwa kusokonekera. Iwe ndiwe wamphamvu."

"Ndiye ine ndi dzala lanu?"

"Usalankhule choncho, iwe. Ndimaiphika mpaka ipse bwinobwino. Wadwala? Si uyu ukuthamanga?" Mkuluyo anatsitsa mawu. "Tamvera, mng'ono wanga. Zikangotha za m'khola ili athira mankhwala, n'kuyamba zatsopano. Ingopirira pang'ono. Ukatsegula pakamwa, ana awa adya chiyani? Iwenso ugona kuti?"

Funso lomalizalo ndi limene linamupweteka, chifukwa linali loona. Malipiro a kusitolo sakanakwana chipinda chabwino, ndipo mpikisano unali pafupi. Analowa kuchipinda kwake osadya. Anavula malaya aja, n'kuwakankhira kukona ndi phazi. Kunja anamva pikapu ikulowa, kenako mawu a mlamu wake akuseka m'khitchini: "Musiyeni, njala imubweza."

Njala sinamubweze. Chimene chinkamubwerera chinali nkhope za anthu amene ankawaona Loweruka lililonse ataima pamzere pashopu ya mlamuyo, ena akumupatsa moni chifukwa ankamudziwa ndi malaya aja. Mayi wina wogulitsa chakudya pageti la sukulu ankagula pomwepo.

M'mawa analongedza zovala m'chikwama chamasewera. Anaimbira mnzake wa timu n'kumupempha malo pamphasa kwa masiku angapo, ndipo mnzakeyo anavomera osafunsa zambiri. Mkulu wake anamupeza pakhomo akumanga zingwe za nsapato zakale zong'ambika.

"Ukupita kuti ndi chikwama?"

"Kuntchito. Koma ndiyamba ndadzera kwa a zachiweto. Ndati ndikuuzeni ndekha, musamvere kwa ena."

"Ukachita zimenezo, ine ndilibe mng'ono."

"Ndamva, achemwali. Ana muwapatse moni akadzuka."

Ofesi ya zachiweto inali kumapeto kwa khonde lalitali lonunkha mankhwala. Anapezamo bambo wina wa imvi akumwa tiyi. Kaliwiro anafotokoza zonse: kamlatho, mulu, mtsinje, ndi nkhuku zophedwa zisanafe. Bamboyo anasiya kapu patebulo.

"Mwini kholayo mukumudziwa bwanji, mayi?"

"Ndi mlamu wanga. Ndimakhala kwawo. Ndinkakhala, kunena zoona."

Bamboyo anatenga cholembera.

"Mukudziwa kuti tikapeza zoona titseka khola ndi shopu yomwe?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mungatiperekeze pamalopo?"

"Tiyeni," anatero Kaliwiro akunyamula chikwama. "Koma magolovesi mutenge ambiri, ndipo tiyiyo musamalize."