Mpando wa Apongozi

Masiku atatu athunthu Mwanamvua ankangomva nyimbo imodzimodzi mu holo yotentha ya pa boma ku Mangochi. "Imani njo, kwezani mawu, anthuwo ayang'aneni m'maso!" ankatero Keti, mphunzitsi wochokera ku Blantyre. Mwanamvua zinamukwana. Usipa anali atagulitsa zaka makumi awiri popanda womuphunzitsa kutsegula pakamwa, koma gulu la amayi linamusankha kuti akalilankhulire kwa ogula ochokera m'mahotela.

Tsiku lachinayi anaimirira pamaso pa ogulawo. Pampando wakutsogolo penipeni panali apongozi ake aamuna, che Ayubu, amene anaitanidwa monga mkulu wa asodzi. Chikwatiwireni, Mwanamvua anali asanawayang'anepo kumaso. Maso ake anagwera pasimenti.

"M'maso, mayi!" ananong'ona Keti.

Che Ayubu anadzuka pang'onopang'ono, natembenuza mpando wawo, nakhala choyang'ana kukhoma. Mwanamvua anausa moyo, nadzutsa mutu, ndipo analankhula za usipa wawo bwinobwino mpaka kumapeto.

Keti analemba m'kope mwake kuti bambo mmodzi sanasangalale nazo.