Khutu Lakumanja la a Leonard

"Imani kaye, ababa, musagwedeze mutu," anatero Jean. Koma poti a Leonard sanamve, anagwedezabe. Jean anawagwira chibwano ngati mwana wokana mankhwala, n'kukankhira kamphira ka mahedifoni m'khutu lawo lakumanja. Kanalowa, n'kutseka bwinobwino. Lakumanzere nalonso chimodzimodzi. Tizingwe tiwiri takuda tinatsika m'masaya mwawo mpaka pafoni imene inali pamiyendo pawo.

Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda a Margret, akazi awo. Pakhomo panali patayamba kuchepa anthu, mabenchi a kutchalitchi atabwezedwa kale. Mahedifoniwo anapezeka m'mawa womwewo, azimayi akusanthula zovala za malemu. Anali m'chitini cha singano ndi ulusi, pansi pa mabatani.

A Leonard Suwi anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'fakitale ya tiyi, pamakina odula masamba aja salekeza kulira. Makinawo anawadya makutu pang'onopang'ono. Lakumanzere linafa lonse. Lakumanja linatsala kumvako pang'ono, munthu akafuula ali pafupi. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, munthu wofuulayo anali Margret. Kutchalitchi ankakhala kumanja kwawo, kuchipatala kumanja kwawo, kumsonkhano wa alimi a tiyi kumanja kwawo. Panyumba ndiye osanena. "Madzi ali kubafa" ankamveka mpaka kumsewu. Ndiye anthu a pamudzi, mmene alili anthu, anangomaliza kuti mai ameneyu ngwolongolola. Ana amene anabadwa m'zaka zimenezo sanadziwe n'komwe kuti Margret anali ndi mawu ena.

Mahedifoniwo anagula ndi Jean, mwana wawo yekhayo, amene amaphunzitsa ku Kasungu. Amayi ake ndiwo anamutuma. Nzeru yawo inali yakuti bambo azivala m'makutu, iwo aziyankhula pafoni ina, ngakhale ali m'nyumba imodzi. Koma pankafunika mafoni awiri, ndipo panyumba inalipo imodzi. Yachiwiri Jean anati adzabweretsa pa holide. Holide inafika, inatha, Jean sanabwere. Anabwera ndi uthenga wa maliro.

Tsopano Jean anadzuka, napita kuseri kwa khitchini ndi foni yake, n'kuimba. A Leonard sanayembekezere kanthu. Mahedifoni a pamsika anawayesapo kale, ankangolira ngati ntchentche m'botolo.

"Ababa, mukundimva?"

A Leonard anadzidzimuka mpaka foni inatsala pang'ono kugwa. Mawuwo sanachokere kutali. Anali m'kati mwenimweni mwa mutu, athunthu, osaduka mchira. Kumbuyo kwake kunali nkhuku ikuitana anapiye, ndi wina akutsuka mphika ndi mchenga.

"Ndiwe Jean?" anafunsa mokweza, poti anali ataiwala kuyeza mawu awo omwe. "Mawu akowa anakula liti? Ine ndinkadziwa a kamtsikana ka Fomu 2."

Jean anaseka, kenaka kusekako kunasanduka china. A Leonard anamva chimenechonso. Anaika dzanja pakhutu, akumvera mwana wawo akulira kuseri kwa khitchini. Mtima unawawawa, komabe sanafune kuti phokosolo lithe.

Dzuwa litapendeka pang'ono a Douglas anafika. A Douglas anali mchimwene wake wa Margret, mwinimbumba wa pamudzipo, ndipo anabwera ndi Faith, mwana wa mlongo wawo wina. Mphasa inayalidwa pansi pa mtengo wa mapeyala. Kuchokera kwawo kwa a Leonard ku Thekerani kunatsala munthu mmodzi yekha, msuweni wokalamba amene ankangoyang'ana dzuwa kuopa kusiyidwa ndi minibasi.

Nkhani yake a Leonard ankaidziwa. Iwo anali mkamwini. Nyumba anamanga okha, tiyi wa kumunda anabzala okha, mbande zake ankachita kunyamula panjinga Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Koma dothi linali la kuchikazi. Mkazi akapita, abale ake ndiwo amanena ngati mkamwini akhale kapena asudzulidwe. Ku Thekerani anachokako zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo, ndipo malo a amayi awo anagawana kalekale ana a alongo awo. Chimene ankafuna a Leonard chinali chimodzi: awasiye m'nyumba yawo, pafupi ndi manda. Usiku wonse anali atakonza mawu. Ndipo anali ndi chiyembekezo chakuti Jean, amene ndi mwana wa mbumba yomweyo, anena kuti bambo anga sachoka.

Jean anaika foni yake pakati pa mphasa. "Amalume, lero ababa akumva. Muziyankhula pafupi ndi foniyi."

A Douglas anayang'ana tizingwe tija, n'kuseka ndi mphuno. "Timeneti? Achipatala analephera, ndiye tizingwe." Zaka khumi ndi chimodzi anali atazolowera kukamba za mlamu wawo iye ali pomwepo, ngati mmene tikambira za mbuzi ili pachingwe. Sanaone chifukwa chosinthira lero.

Anayamba mwaulemu, monga mwa mwambo. Anati alamuwa takhala nawo bwino, sanabepo, sanamenyepo munthu. Anati koma amene anawabweretsa pamudzi pano tamugoneka Lachitatu, ndiye n'kwabwino kuwamasula azikaona kwawo. Anati Faith ali ndi ana atatu, pothyola tiyi alibe, pamene Jean ali pantchito ya boma, sangachoke ku Kasungu kudzalimbana ndi dengu kumsana.

A Leonard anamva liwu lililonse. Anamva ngakhale malovu a m'kamwa mwa a Douglas. Anakonza pakhosi kuti ayambe mawu awo aja, koma a Douglas anali asanamalize. Anatsitsa mawu, n'kutembenukira kwa msuweni uja.

"Tinene zoona, achimwene, poti mwiniwakeyu samva. Ife mtima ukutiwawa. Mlongo wanga wakuwa zaka zonsezi mpaka BP. Ndiye Lolemba lija wagwa m'munda, akuitana. Faith anamva ali kuchitsime, tangoganizani, kuchitsime. Awa anali mizere itatu yokha, atamufulatira, akuthyola tiyi. Osacheuka. Munthu wotere tizimuonabe pakhomo pano m'mawa uliwonse?"

Palibe amene anawauzapo a Leonard zimenezi. Iwo ankadziwa kuti Margret anangogwa mwakachetechete. Anacheuka dengu litadzaza, n'kuona Faith akuthamanga, Margret ali gone pakati pa mizere. Masiku asanu onsewa ankadzitonthoza kuti sanavutike, sanadziwe n'komwe.

M'makutu mwa a Leonard munamveka Jean akukoka mpweya, wautali, wa munthu amene akufuna kuyankhula. Anaudikira. Mahedifoni abwino ndi oipa pamenepa, sabisa kanthu. Anamva mpweya uja ukuima pakhosi, kenaka ukutuluka pang'onopang'ono, wopanda liwu ndi limodzi lomwe. Jean anaweramitsa mutu, n'kuyamba kutola tiudzu pamphasa.

"Faith," anatero a Leonard. Nthawi ino mawu awo anatuluka aang'ono. "Anaitana kangati?"

A Douglas anatembenuka msangamsanga. Faith anagwira pakamwa.

"Ndafunsa, mwana wanga. Usaope."

"Kanayi," anatero Faith.

"Ankati chiyani?"

"Dzina lanu basi."

A Leonard anagwedeza mutu. Mawu amene anakonza usiku uja, a mbande ndi njinga ndi njerwa zimene anaumba okha, anangoona kuti alibenso ntchito. Munthu amene anaitanidwa kanayi osacheuka angapemphe chiyani kwa abale a woitanayo?

"Ndamva, alamu," anatero. "Zonse ndamva."

A Douglas anachita manyazi, koma manyazi sabweza nkhani. Anakanda m'mutu mometedwamo, n'kunena kuti palibe akuthamangitsa munthu, alamu atha kukhala mpaka mwezi uthe, akonzeke bwino. Malata a nyumba atha kusasula ngati akuwafuna. Msuweni uja anati zikomo, mwatilemekeza, n'kudzuka kuthamangira minibasi yake. Nkhani inathera pomwepo.

Anthu atabalalika, a Leonard anakhala pakhonde. Kutsidya, tiyi wa esiteti anali atayala mapiri onse, ndipo thalakitala inkatsika ndi masamba kupita kufakitale. Sankaimva. Mahedifoni anali akadali m'makutu, koma foni inali itadulidwa, ndiye dziko linabwerera mwakale.

Jean anadzakhala kumanja kwawo, pamalo pa amayi ake, n'kuimbanso ngakhale anali pafupi chotero.

"Ababa, ndinafuna kuyankhula."

"Ndinamva."

"Amalume ndi amene anandilipirira sukulu, ndiye..." Sanamalize. "Mwina mubwere ku Kasungu. Nyumba ndi yaing'ono, komabe ndikambirana ndi bambo a ana."

A Leonard anamva mmene liwu lakuti mwina linatulukira, ndipo sanafune kumuvutitsa mwanayo. "Ku Thekerani kuli anthu," anatero, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti kulibe. Kenaka anafunsa: "M'foni mwakomo, mayi ako alimo? Mawu awo?"

Jean anafufuza nthawi yaitali. Margret sankakonda zojambula mawu, ankati ndi za ana. Unapezeka uthenga umodzi wokha, wa mwezi wa Julaye. Jean anazula chingwe pafoni ya amayi ake, n'kuchilowetsa payake.

Poyamba kunamveka mphepo, ndi kapu ikuikidwa pambale. Kenaka mawu a mkazi, otsika, ofewa, osathamanga. A Leonard anali atawaiwala. Anali mawu a mtsikana amene anakumana naye pasikelo yoyezera tiyi, amene kapitawo ankachita kumuuza kuti tayankhulani mokweza, mayi.

"Jean, ndi ine. Zija ndinakuuza zija, ugule zenizeni, osati za pamsika. Zikhale zolowa m'kati. Ine kukuwa ndatopa nako, mwana wanga, anthu ayesa ndimadana ndi bambo ako. Pali zina munthu sunganene mokuwa. Ndikufuna ndidzawauze pang'onopang'ono, iwo okha. Chabwino. Moni kwa ana."

Uthengawo unathera pomwepo.

"Ankafuna kundiuza chiyani?" anafunsa a Leonard.

Jean anapukusa mutu. Sankadziwa, ndipo padziko panalibenso wodziwa.

A Leonard anazula mahedifoni aja, n'kuwaika pachikhatho. M'mawa Jean anawaveka mothamanga osayang'anitsitsa, koma tsopano anawerama.

"Dikirani. Ine ndinatumiza timphira tili tofanana. Tosinthira tinali m'kapepala pambali."

Sitinalinso tofanana. Kakumanzere kanali kakang'ono, kakumanja kakakulu. Loweruka lililonse Margret ankawakhazika amuna ake pampando padzuwa n'kuwapukuta m'makutu ndi kansalu, ndiye ankadziwa kuti lakumanzere ndi lopanikiza. Pachingwe cha kumanja, pafupi ndi kamphira, panali ulusi wofiira wokulungidwa katatu, poti tizilembo tosonyeza mbali tinali tating'ono kwambiri kwa maso a munthu wamkulu. Mfundo yake inali yolimba, ndipo nsonga ya ulusiwo inali yophwanyika, yodulidwa ndi mano.

A Leonard anaisisita nsongayo ndi chala chachikulu. Kenaka anatenga ka ulusi wofiirako, n'kukalowetsa okha m'khutu lakumanja.

"Ubwereze," anatero.