Nkhukundembo ya Verna Tidwell

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, Verna Tidwell nkhukundembo zakutchire ankangoziona zitafa kale. Mwamuna wake, Hoyt, ankabwera nazo paphewa mwezi wa Epulo uliwonse, Verna n'kumazisosola kuseri kwa nyumba. Kutchireko anali asanapondeko, ndipo palibe anamuitanapo.

Chaka chimene Verna anapuma pantchito yoyendetsa basi ya ana asukulu, makutu a Hoyt anali atatha. Makina ochekera matabwa ndiwo anawadya. Phewa lakenso madokotala anali atangolisoka kumene, moti mfuti anamuletsa. Tsiku lina Verna anamupeza pakhonde akupukuta mfuti imene sakanatha kuiwomba, ndipo anangomuuza kuti chaka chino apitira limodzi, mfutiyo agwira ndi iyeyo.

Odell, mng'ono wake wa Hoyt, atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, nkhukundembo si ana a m'basi oti mukawakalipira amakhala pansi. Inu mungakhale chete ola lathunthu? Ndi m'tchalitchi momwe simutha."

Verna anangomuthirira khofi wina.

Masabata atatu Hoyt anali mphunzitsi. Anayamba ndi kumuwombetsa pepala lojambulidwa mutu wa mbalame, mpaka Verna anadziwa mtunda umene mfutiyo imalekezera. Kenako anamupatsa kabokosi kathabwa kamene ukakhukhuza chivindikiro chake kamalira ngati thadzi. Poyamba kankalira ngati chitseko chadzimbiri, galu n'kumathawira kunsi kwa khonde. Hoyt, popeza sankamva, ankangoyang'ana dzanja la mkazi wake n'kumati achepetse mphamvu. Malangizo ake anali owerengeka, koma ankawabwereza ngakhale pakudya. Osavala chofiira, choyera kapena chabuluu, chifukwa ndi mmene umaonekera mutu wa tambala wa nkhukundembo, ndipo m'tchire mumakhala alenje ena. Pokhala, kutsamira mtengo wonenepa kuposa mapewa ako. Osalondola kulira. Osawomba usanaone ndevu zolendewera pachifuwa, poti yaikazi saipha nyengo ino.

"Chimene chimagwetsa oyamba kumene ndi kuitana kosalekeza," anatero madzulo ena. "Mukaitana iye n'kuyankha, ikani kabokosiko pansi, mayi. Wamva. Mtengo umene mwakhalapo akuudziwa kuposa inuyo."

Tsikulo litafika, anakakhala m'bandakucha pansi pa mtengo wa oki m'mphepete mwa dambo la malemu bambo ake a Hoyt. Kutayamba kuyera, tambala analira chakumtunda, mawu ake ngati miyala yogubuduzika m'ndowa. Verna anagwira bondo la mwamuna wake n'kuloza. Anaitana katatu pang'onopang'ono, ndipo tambalayo anayankha iye asanamalize. Koma atangotsika mumtengo umene anagona, mathadzi enieni anamutenga. Kulira kuja kunanka kuchepa mpaka kunangoti zii.

Pofika eyiti koloko msana wa Hoyt unakana. Ananong'ona kuti lero zakanika, azipita. Verna anamukumbutsa zimene mwini wakeyo ananena, kuti dzuwa likakwera mathadzi amapita kukaikira, tambala n'kutsala yekha akufunafuna mnzake. Anamuuza kuti atsogole akadikire m'galimoto. Hoyt anamuyang'ana kanthawi, kenako anamusisita paphewa n'kunyamuka.

Maola awiri anadutsa. Udzudzu unamudya kuseri kwa khutu, iye osaupitikitsa. Mwendo wakumanzere unachita dzanzi mpaka anaiwala kuti ali nawo. Pakapita theka la ola ankaitana kamodzi n'kubwezera kabokosi pansi. Panalibe choyankha. Kawiri konse mtima unamuuza kuti wangokhalira mtengo ngati chitsiru, koma sanasunthe.

Itapitirira teni koloko, anamva masamba ouma akuti tswatswa kumbuyo kwake, chakumanzere. Kenako kunamveka kugunda kwapansipansi, kongomvekera m'chifuwa. Sanacheuke. Mbalameyo inatulukira m'mbali mwake mwakachetechete, mchira utatambasuka ngati lichero, mapiko akukwekwereza pansi, mutu uli mbuu ndi psuu. Ndevu zinali kulendewera, zazitali kuposa chikhatho. Mfuti inali pabondo, koma italoza kwina, ndipo Verna ankadziwa kuti akangogwedeza chala, zathera pompo.

Anadikira. Tambalayo anayenda monyang'wa, anaima, anayendanso, kenako anatembenuka mpaka mchira wake womwe unam'phimba maso. Pamenepo Verna anasuntha mfuti n'kuiika patsaya. Analiza lilime kamodzi. Mbalame inapinda mchira, inasolola khosi kuti ione, ndipo iye anawomba.

Poimirira anagwa kaye chifukwa cha mwendo uja, n'kudziseka yekha. Atafika pamene panagona tambalayo anagwada. Nthenga zake zinkanyezimira ngati mkuwa wopukuta, ndipo Verna anatulutsa foni n'kulembetsa kuboma, monga mwa lamulo, kuti wapha imodzi. Anaigwira miyendo, anaiponya paphewa, nauyamba ulendo wokwera mtunda, akupuma kawiri panjira.

Verna anapeza Hoyt ali mtulo m'galimoto, chipewa chili kumaso. Kulira kwa mfuti sanakumve. Verna anagogoda galasi ndi phazi la mbalameyo. Mkuluyo anatuluka, anayeza ndevu zija ndi zala, anainyamula kuti amve kulemera kwake, n'kunena kuti mapaundi makumi awiri yapitirira. Anafunsa kuti anaitana kangati, inatulukira mbali iti, anasuntha mfuti nthawi yanji. Verna anafotokoza mokuwira m'khutu mwake, ndipo iye ankangogwedeza mutu, maso atanyowa.

"Ine yoyamba ndinapha chaka chachinayi," anatero pomaliza. "Imani apo, mayi, ndikujambuleni."

Manja a Hoyt sanakhazikike. Pachithunzicho mbalame inaoneka yonse, mchira ndi ndevu zomwe, koma Verna anaoneka kuyambira pachibwano kutsika m'munsi. Iye anakachitsukitsabe, n'kuchipachika pabalaza.