Pepala la Pansi pa Malata

Denga lathu limadontha mu Juni, kumwamba kulibe ndi mtambo womwe.

Tinalowa m'nyumbayi Tawonga ali ndi miyezi inayi. M'mawa uliwonse ndinkapeza madontho atandanda kunsi kwa malata, bulangete la mwana lili zii, khoma la kumutu kwa bedi litachita mawanga akuda onunkha chuku. Ndinkangoika khutu pachifuwa pake, kumvetsera.

Ndinawafotokozera amuna anga, a Damiano, zimene tinaphunzira kusekondale. Mpweya umene timapuma, nthunzi ya pambaula ndi ya matewera oyanika m'nyumba, zikagunda lata lozizira la kuno ku Bembeke zimasanduka madzi. Ndinapempha kuti pepala la pulasitiki likhomedwe m'munsi mwa mitanda ngati siling'i, lolumikizidwa bwino, pamwamba pake payalidwe mphasa kuti lisazizire, ndipo mphepo izidutsa pakati pa mphasazo ndi malata.

Anavomera, koma anakaitana amalume awo, a Anselmo, amene afolera nyumba zaudzu kuyambira ine ndisanabadwe. Iwo anati pepala malo ake ndi amodzi basi: pamwamba pa phaso, chofolera n'kugona pomwepo. Atamva maganizo anga anaseka.

"Damiano, wakwatira injiniya iwe? Ndiye tiwapatse hamala akwere."

Ine mtengwa, pamudzi pa eni, ndinangoima ndi mwana kumbuyo. A Anselmo anazula malata, kuyala pepala, kukhomanso malata pamwamba pake penipeni. Mpata wa pakati pa khoma ndi denga anaumata ndi dothi, ati mphepo ndi imene ikudwalitsa mwana. Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anali kuyang'ana misomali.

Pepala linkazizira limodzi ndi lata. Madzi amene kale ankagwa apa ndi apo tsopano ankatsetsereka n'kukumana pamene pepala linalendewera, pamwamba pa bedi. Ndinasuntha bedi katatu. Sabata yachiwiri chifuwa cha Tawonga chinayamba kulira ngati mluzu.

Kuchipatala namwino anandifunsa ngati m'nyumba mwathu muli chinyontho. Nditavomera, anandikalipira ngati nyumbayo ndinamanga ndine. Nditabwerako, apongozi anga a Marita anali atauza kale anthu kuti ndimamusambitsa mwana m'mamawa kwambiri. Ndinapemphanso kuti pepala lisinthidwe. A Damiano anati kuphwasula ntchito ya amalume ndi chipongwe, tidikire kutenthe mu Seputembala.

Seputembala! Unali Julayi asanafike pakati.

M'mawa mwake ndinamanga matewera ndi mankhwala m'chitenje. A Damiano anandipeza pakhomo.

"Anthu ati chiyani, kusiya nyumba yamalata kukagona ya udzu?"

"Anene. Kwa amayi n'kouma."

Sanandiperekeze. Ndinatsika njira ya kwathu ku Linthipe nkhungu isanachoke, mwana ndili naye kutsogolo kuti ndizimumva akamapuma.