Khutu la a Meya

Anawatsekera m'holo ya khonsolo anthu khumi ndi awiri, onse olemba zikwangwani a mumzindamo. Mazenera anali otseka, fani yakudenga inafa kalekale, ndipo pakhomo panaima wapolisi atapinda manja. Mkazi analipo mmodzi yekha, mwana wa mmisiri wachikulire amene anzake ankangomuti a Bulashi. Anamulola kulowa chifukwa maso a bambo akewo anali atayamba kuchita mdima, ndiye ankafunika wowagwira dzanja.

Mlandu wawo unali chithunzi. Lolemba m'mawa anthu anapeza a Meya atajambulidwa pakhoma la depoti ya mabasi: atagona chagada pansi pa mpopi, paipi ili m'kamwa, mimba itatupa ngati thanki, kumbuyo kwawo amayi ali pamzere ndi zidebe zopanda kanthu. Panali patatha miyezi itatu madzi osatuluka m'mipopi, choncho mzinda wonse unaseka mpaka nthiti kuwawa. Khomalo analipaka laimu tsiku lomwelo, koma chithunzi chinali chitalowa kale m'mafoni a anthu.

Tsono mkulu wa apolisi anabwera ndi nzeru yake. Mmisiri aliyense anampatsa pepala ndi pensulo.

"Mundijambulire a Meya, nkhope yokha," anatero, atakweza foni m'mwamba. "Dzanja la munthu silinama. Palibe amene atuluke muno mpaka tipeze lofanana ndi ili."

Mayiyo anakhala pabenchi yakumbuyo, chikwama cha bambo ake chili pamiyendo. Iye pepala sanampatse. Ndani akanamuganizira? Zaka makumi awiri anthu ankamudziwa monga wosakaniza penti ndi wotsuka zitini pashopu ya a Bulashi. Ochepa okha ndi amene ankadziwa kuti chiyambire vuto la maso la bambo akewo, zikwangwani zonse zinkatuluka m'manja mwake. Ndipo a Meya a pakhoma aja anawajambula ndi iye, atatopa ndi kusambitsa ana ake awiri ndi kapu imodzi ya madzi. Izi sanawauze ngakhale bambo ake.

Amisiri aja, anthu oti akakujambulira nkhuku yowotcha pakhoma la lesitilanti malovu amadzaza m'kamwa, tsiku limenelo anasanduka ana a kusukulu ya mkaka. Wina anajambula mutu ngati dzira. Wina mphuno anaiika pachipumi. Wachitatu anagwira pensulo ndi dzanja lamanzere, thukuta lili kamukamu. Zinali zoseketsa, komanso zomvetsa chisoni kuona amuna akuluakulu akulimbikira kubisa luso limene limawadyetsa.

A Bulashi okha ndi amene sanabise kanthu. Anawerama, mphuno ikutsala pang'ono kugunda pepala, dzanja likuyenda mmene linazolowerera zaka makumi anayi. Mwana wawo ankaona zonse ali pabenchipo, ndipo bambo akewo atafika pa khutu mtima wake unangoti myuu. A Bulashi khutu ankalijambula osakweza pensulo, ngati nambala 3 yokhala ndi kamchira. Ndi mmenenso anamuphunzitsira iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Khutu la pakhoma lija linali lomwelo ndendende.

Anatsokomola kuti awachenjeze, iwo osatembenuka. Anayesa kudzuka, wapolisi wapakhomo anamuloza ndi chala kuti akhale pansi.

Mkulu wa apolisi ankazungulira akuseka zojambula za enawo. Atafika pa a Bulashi, kuseka kunatha. Anakulitsa chithunzi cha m'foni ndi zala ziwiri, n'kuchiika pambali pa pepalalo.

"Madala, imirirani."

Mayiyo anangozindikira kuti waimirira nayenso. Anaganiza za ana ake amene anawasiya kwa aneba, koma pakamwa panali patatseguka kale.

"Bwana, asiyeni. Ndinajambula ndine."

Wapolisi wapakhomo anaphulika kuseka.

"Inuyo mayi?" anafunsa mkulu wa apolisiyo.

"Ndipatseni pepala muone. Bambo angawa saona bwino. Khoma lalitali lija angalifikire bwanji?"

Mkulu wa apolisi anazengereza, dzanja lili pamulu wa mapepala. Apo a Bulashi anatembenukira kumene kunkachokera mawu a mwana wawo. Nkhope yawo sinaonetse kudabwa ngakhale pang'ono, ndipo mayiyo anazindikira kuti ankadziwa kuyambira Lolemba. Khutu lija sanalijambule mwangozi.

"Bwana, musataye pepala lanu," anatero modekha. "Uyu ndi mwana wanga, ndimamudziwa. Ndayesetsa kumuphunzitsa, koma ngakhale mzere wowongoka umamukanika. Ntchito yake n'kutsuka zitini. Akungondimvera chisoni."

"Ababa!"

"Khala pansi iwe. Usandichititse manyazi pamaso pa anzanga."

Mayiyo anayang'ana amisiri awiri amene ankadziwa zoona zake. Onse anagwedeza mitu kuvomereza a Bulashi, maso ali pansi. Mawu aja anamupweteka kuposa mbama, ngakhale ankadziwa chimene bambo ake ankawanenera.

Apolisi anamutulutsa mayiyo pamodzi ndi enawo, n'kukhoma chitseko. Anagogoda mpaka zala kuwawa, akubwereza kuti ndine, ndine, koma palibe anamutsegulira. M'katimo anamva bambo ake akupempha mwaulemu kuti wina awagwireko dzanja, awaonetse pamene asayine kuvomera mlanduwo.