Kadontho Kuseri kwa Diso

Mwamuna wanga Nemesio atamwalira, diso langa lamanzere linayamba kutong'oka ngati la nkhanu. Nkhope inkafiira mwadzidzidzi, m'mimba osaleka kutsegula. Anthu a kuno ku Sincelejo sachedwa. Ena akuti Eufemia wayamba mowa, ena akuti ali ndi diso loipa lodwalitsa makanda.

Amene anandimaliza ndi mpongozi wanga Yuranis. Anamanga kachingwe kofiira pamkono pa Saray, mdzukulu wanga, n'kulamula kuti ndisamunyamule, ngakhale kumuyang'ana. Ndinamuuza kuti ndi chitsiru, iye ndi amake omwe. Sizinathandize.

Miyezi isanu ndi itatu ndikudontheza mankhwala achabechabe m'diso, kenaka achipatala ananditumiza ku mzinda wa Medellín. Kumeneko anandibaya mankhwala pamtsempha, akuti amakakamira pa chotupa cha mtundu umodzi wokha n'kuchiwalitsa. Anandigoneka m'chimakina chonga mpaipi.

Dokotala wake anali mayi wamng'ono thupi, dzina lake Ospina. Ananditembenuzira chithunzi. Ndinadziona ndekha, wopanda khungu, ngati utsi woimirira. M'matumbo munali kadontho kowala, kochepa ngati njere ya chimanga. Kuseri kwa diso kunali kena.

Anati kam'matumboko ndiye make wa kakudisoko. Kakhala zaka kali phee, ndipo ndi komweko kamandifiiritsa nkhope. Kawirikawiri matendawa amathawira kuchiwindi, koma anga anakwera ndi magazi mpaka kudiso. Chiyambire ntchito yake, akuti ine ndinali wachiwiri kumupeza ndi zotere.

"Ndiye si diso loipa?" ndinafunsa.

"Diso lanu n'labwinobwino, mayi. Likungokankhidwa."

Ine wolongolola uja ndinangoti maso pachithunzi. Kanthu kochepa chonchi kuyenda ulendo wonsewo mumdima wa m'thupi mwanga, ine ndili kalikiliki kukazinga nthochi pamsika, osamva n'komwe. Ndiye pali anthu okhoza kukayatsa ngati nyali. Zimene dokotala ankanena za jakisoni wa mwezi ndi mwezi ndinazimva mwapatalipatali. Ine ndinkangofuna chithunzicho.

Kunyumba ndinachiponya patebulo pamaso pa Yuranis. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pakadontho kaja.

"Apongozi, zonsezi zili m'kati mwanu?"

"Bweretsa mwana."

Anabweretsa. Kachingwe sanakachotse, ndinaona ndithu, koma ndinangomulandira mwanayo. Saray anandiyang'anitsitsa, n'kutambasula kadzanja, n'kugwira diso lomwelo.