Foni Inkati Bambo Ali Bwino

Foni inalira m'thumba la jekete la malemu. Jeketelo linali likadali pa msomali kuseri kwa chitseko, pamene mwini wake analikoleka asanapite kuchipatala. Mwana wawo wamkazi, amene ankapinda mabulangete obwereka pamaliro, anaima bulangete lili m'manja. Kaliridweko ankakadziwa, chifukwa anakasankha ndi iyeyo.

"Chiwaikireni m'manda ikungolira chonchi m'mawa uliwonse," anatero mlongo wake, amene anapondana naye, akusanja mipando. "Ndipatseni ine, achemwali. Yangayi galasi linasweka. Ndifufuta zonse, ikhale chete."

"Usaikhudze."

Chaka chatha dokotala anawauza bambo awo kuti shuga ndi amene akuchititsa nkhama zawo kutuluka magazi, ndipo nkhama zodwala nazo zimakweza shuga. Mwana wamkaziyo anagula foni n'kuikamo pulogalamu. M'mawa inkawakumbutsa kuyeza shuga ndi kutsuka mano, ndipo pakapitapita masiku inkapempha chithunzi cha m'kamwa. Zonsezo zinkafika pa foni yake kutali kumene ankagwira ntchito. Bambowo anali dalaivala wa basi wopuma, munthu amene ankanyamuka pa nthawi yake ngakhale abwana akuthamangira basi ndi chikwama kumutu. Sanaphonyepo kuyankha foniyo. Nambala zinkabwera zabwino, kachizindikiro kali biriwiri, ndipo mwanayo ankati ulendo wa kumudzi uyambe wadikira.

Kenako kunabwera uthenga wakuti tsaya la bambo latupa, thupi latentha. Kuchipatala anati shuga wawo wakhala ali pamwamba kwa nthawi yaitali, ndipo bala la m'kamwa lalowerera m'magazi. Mwanayo anafika bambo atatseka kale maso. Chiyambire tsikulo, funso limodzi linkamudya ngati chiswe: zinatheka bwanji munthu kufa foni ikunena kuti ali bwino?

"Inu munkasamala bambo pa galasi," mlongo wakeyo anatero osamuyang'ana. "Ife tinkawaona akutafunira mbali imodzi."

"Ndiye bwanji sunandiuze? Pakamwa unalibe?"

"Ndikawafunsa ankati, 'Kafunse mlongo wako, nambala zonse ali nazo.' Ndikanatsutsana ndi nambala ine?"

Mawuwo anamupweteka chifukwa anali oona. Anatulutsa foni m'jekete, nakhala pa mulu wa mabulangete. Nambala zinali zomwe zija, zabwino mochititsa manyazi. Anatsegula zithunzi za m'kamwa, zimene kunena zoona sankazipenyetsetsa. Ndani amakonda kuyang'ana m'kamwa mwa kholo lake akumwa tiyi? Ankangoona zobiriwira n'kutseka.

Lero anakulitsa chimodzi ndi zala ziwiri. Nkhama zinali zosalala, zosatupa. Dzino lakutsogolo linali lobenthuka pakona. Pansi pa mlomo panali kadontho kakuda. Bambo ake anali ndi ndevu zosagonjera lumo, koma apa panalibe ngakhale imodzi.

Anawapeza mayi ake kukhitchini akutsuka makapu a eni ake, kadontho kakuda kaja kali pamalo pake.

"Amayi, m'kamwa umu ndi mwa ndani?"

Mayiwo anasuzumira, manja akudontha thovu. "Ndi mwanga. Ankandiimika pa windo apo. 'Yasamulani, mayi, basi ikufuna kulowa.' Ine n'kumaseka, chithunzi n'kuwonongeka, iwo n'kuyambiranso."

"Nanga nambala izi?"

"Zanganso."

"Inu muli ndi shuga?"

"Anandipeza naye pambuyo pawo. Bambo ako anati tisakuuze, wasenza kale zambiri."

Mwanayo anatsamira pa chitseko. Mlongo wake anali ataima pakhomo, mpando uli m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Timapepala toyezera timene unkatumiza tija sitinkakwanira awiri," mayiwo anapitiriza, akupukuta kapu imene inali itauma kale. "Iwo anati, 'Ine thupi langa ndimalimva ngati injini, likavuta ndidziwa. Inu ndi amene simudzimva.' Foni ikalira, ankandibaya ine, n'kulemba. Ankandiikira mankhwala pa mswachi, n'kuima pomwepo mpaka nditamaliza, ngati ndine mwana wa sukulu."

"Iwowo ankatsuka?"

"Nkhama zitayamba kuwawa kwambiri anasiya. Ankangochukucha ndi madzi a mchere. Ndikanena za chipatala ankati mawa."

"Amayi, foniyi inkandiuza ine kuti bambo ali bwino! Ine ndinkagona tulo chifukwa cha zimenezi!"

Mayiwo anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Inkakuuza iwe? Ine ndinkayesa zimathera momwemu. Za mafonizi ndimazidziwa ine, mwanangu?"

Mkwiyo unamukwera mwanayo, koma unasowa poti utere. Akwiyire mayi amene sankadziwa? Akwiyire bambo, amene ankadziwa bwino lomwe kumene nambalazo zikupita, koma n'kumadina ndithu kuti mwana asadandaule? Iye anawapatsa foni ya munthu mmodzi, osaganiza kuti m'nyumba muja simunakhalepo chinthu cha munthu mmodzi. Sopo, bulangete, magalasi owerengera, zonse ankabwerekana. Anadzida yekha, ndipo anawasowa bambo ake kwambiri moti anachita kugwira pamtima.

"Ndiye munayezedwa liti komaliza?" anafunsa mlongo wake, mawu atatsika.

"Tsiku limene anapita kuchipatala. Anandibaya atavala kale nsapato, tsaya lili apo." Mayiwo anaonetsa ndi dzanja mmene linatupira. "Anati sangachoke foni isanayankhidwe."

Panja wina ankakweza mipando ya eni ake pa ngolo.

Foni inaliranso, chifukwa ikapanda kuyankhidwa inkabwereza. Mayiwo sanaganize n'komwe. Anapukuta manja m'nsalu, nakhala pa kampando ka pafupi ndi windo, n'kutambasula dzanja lamanzere kuloza mpando wina umene unalibe munthu. Atazindikira zimene achita, anayamba kulibweza mwamanyazi.

"Lisiyeni pomwepo," anatero mwana wamkaziyo.

Mlongo wake anatsitsa kachipangizo koyezera pamwamba pa kabati, nakapereka osanenanso za galasi losweka. Mwana wamkaziyo anakhala pa mpando wopanda munthu uja, wa bambo ake. Anaika kapepala, nagwira chala cha mayi ake, n'kulozetsa kasingano pakati penipeni.

"Osati choncho," anatero mayiwo. "Pambali. Ndiponso sankayamba ndi kubaya."

Anatenga manja onse awiri a mwana wawo, naika chala chawo pakati, n'kuwatseka.

"Ankayamba achifunditsa chonchi, kuti chisawawe."

Mwanayo anachigwira. Chinali chozizira ndi madzi otsukira makapu, ndipo anadikira mpaka chitafunda.